Shout! ya Philip Norman: mbiri ya The Beatles yokoma kuwerenga koma yokondera

Bukuli ndinaligula kwa mnyamata wina amene amayala mabuku pakhonde la sitolo ku Limbe. Linali pakati pa mabuku akale a fomu 3 ndi timabuku ta chikondi tothothoka zikuto. Anayamba ndi K6,000, tinamvana pa K4,000, ndipo mmene ankapinda ndalamayo ndinaona kuti mumtima akuseka kuti wapeza wopusa, poti ndani angagule buku la azungu anayi amene anasiya kuyimbira limodzi mu 1970? Mapepala ake ndi achikasu, akununkha nkhungu ya m'katoni, ndipo zilembo zake ndi zing'onozing'ono moti usiku ndimachita kukhala pansi pa babu penipeni. Mwini wake woyamba, kaya anali ndani, analemba ndi bolopeni m'mphepete mwa masamba angapo liwu limodzi lachingerezi lotanthauza kuti "zachabechabe". Poyamba ndinakwiya naye kuti anaononga buku. Nditafika pakati ndinayamba kumuona ngati mnzanga.

Ndiyambe ndaulula mbali yanga, chifukwa mlandu umene ndikuimba mlembiyu ndi wakuti sanaulule yake. Ndakhala ndikuyimba besi m'mabandi a maukwati ndi a kutchalitchi kwa zaka zoposa 20. Nyimbo za The Beatles ndinazimva koyamba kwa malume anga amene anabwera ndi mbale zake kuchokera ku Bulawayo, ndipo chimene chinandigwira ndili mwana si mawu, poti Chingerezi sindinkachimva, koma kagitala kokhuthala kaja kamene kamayenda pansi pa nyimbo. Woyimba kagitalako anali Paul McCartney. Ndiye mukamawerenga zimene ndilembe apa, dziwani kuti woyimba besi akuteteza woyimba besi mnzake.

Philip Norman anali mtolankhani wa nyuzipepala ya Sunday Times ku London. Bukuli linatuluka mu 1981, patangopita miyezi yochepa John Lennon, mmodzi wa anayiwo, atawomberedwa pakhomo la nyumba ya Dakota ku New York pa 8 December 1980. Zambiri anali atalemba kale imfayo isanachitike, koma anthu analilandira misozi isanaume. Amene munakhalapo pamaliro mukudziwa mmene mbiri ya malemu imamvekera. Munthu amene anamwalira ndi ngongole mudzi wonse amasanduka "wokonda anthu, wosadziwa kuyambana ndi wina", ndipo amene atsala ndi moyo ndiwo amayang'anidwa ndi diso lofiira. Shout! inagwera m'nyengo yoteroyo, ndipo inathandiza kukhazikitsa nkhani imene anthu ambiri akhala akuikhulupirira zaka zonsezi, yakuti John ndiye anali mutu ndi mtima wa gululo, Paul anali wokongola nkhope wokonda ndalama, George Harrison ndi Ringo Starr anangokwera nawo basi. Norman mwiniwake, potsatsa bukuli pa TV ku America, ananena kuti Lennon anali magawo atatu mwa magawo anayi a The Beatles. Yoko Ono, mkazi wamasiye wa John, atamva zimenezo anamuitanira ku Dakota kukacheza.

Koma ndisathamangire kudandaula, chifukwa bukuli lili ndi nyama. Analigawa m'zigawo zinayi zimene mitu yake tingaitanthauzire kuti kukhumba, kupeza, kukhala nazo ndi kusakaza, ndipo zigawo ziwiri zoyambazo ndinazimaliza masiku atatu, mpaka mayi a kunyumba anafunsa ngati ndayamba sukulu ya madzulo.

Norman amadziwa kujambula malo ndi mawu. Liverpool wa pambuyo pa nkhondo, kwawo kwa anyamatawa, umamuona ndi maso: doko, utsi, nyumba zophulitsidwa ndi mabomba zimene zinali zisanakonzedwe. Umalowa m'nyumba ya Mimi, mayi aakulu a John amene anamulera, mzimayi waukhondo ndi wamalamulo amene ankaona gitala ngati chidole chotayitsa nthawi. Umamva chisoni cha mnyamata amene mayi ake omubereka, Julia, ankakhala mtunda wochepa chabe koma ndi banja lina, ndipo atangoyamba kuzolowerana, galimoto inawagunda n'kufa mu July 1958. Nkhani ya mwana woleredwa ndi mbale wa mayi ake, makolo ali moyo, sifunika kuitanthauzira kwa ife. Tsiku limene John ndi Paul anakumana, pa 6 July 1957 pa chisangalalo cha tchalitchi cha St Peter's ku Woolton, analifotokoza bwino moti umamva kutentha kwa dzuwa ndi kafungo ka mowa m'kamwa mwa John.

Mutu wa ku Hamburg ndiye ndinauwerenga kawiri. Anyamatawa anapita ku Germany mu 1960 akuyimba mwachisawawa, anagonekedwa m'kachipinda kuseri kwa kanema, pafupi ndi zimbudzi, ndipo ankayimba maola ambiri usiku uliwonse pamaso pa amalinyero oledzera, akumwa mapilisi oletsa tulo. George Harrison anathamangitsidwa m'dzikomo atadziwika kuti ali ndi zaka 17 zokha. Aliyense amene anayimbapo pa bala kuyambira 7 koloko madzulo mpaka tambala woyamba, eni malo akukuwa kuti "musasiye, anthu akugulabe mowa", adziwa kuti sukulu yeniyeni ya bandi ndi imeneyo. Zala zimachita matuza, nyimbo zimakutherani, mumayamba kukoka imodzi mpaka mphindi 15, ndipo mukatuluka m'menemo mumakhala mutasanduka chinthu chimodzi. Norman apa anamvetsa.

Munthu amene Norman anamulemba bwino kuposa onse si mmodzi wa anayiwo ayi, koma manijala wawo, Brian Epstein. Anali mwana wa banja lachiyuda lochita malonda, woyendetsa sitolo ya mbale za nyimbo, ndipo anakaona anyamatawa koyamba pa 9 November 1961 m'chipinda cha pansi chotchedwa Cavern, iye ali mu suti pakati pa thukuta ndi utsi wa fodya. Anali mwamuna wokonda amuna anzake panthawi imene zimenezo zinali mlandu ku England, ndipo lamulolo linasinthidwa mu 1967, chaka chimene iye anamwalira. Norman amamuonetsa ngati munthu wosungulumwa, waulemu, wokonda anyamatawa mpaka kudziiwala, koma wosadziwa kuwerengera bwino phindu. Apa ndi pamene ndinganene kuti woyimba aliyense wachinyamata awerenge, ngakhale sakonda nyimbo za azungu. Kampani ya Decca inawakana itawayesa pa 1 January 1962. Kampani ya EMI itawatenga kudzera kwa wojambulitsa nyimbo George Martin, mgwirizano woyamba unkawapatsa peni imodzi pa mbale iliyonse yogulidwa, yoti agawane anayi, Epstein n'kutapaponso gawo lake. Nyimbo zimene John ndi Paul ankapeka zinalowa m'kampani ya Northern Songs, imene pafupifupi theka lake linali la wofalitsa nyimbo Dick James ndi mnzake, ndipo mu 1969 James anagulitsa gawo lake osawauza. Choopsa kwambiri ndi nkhani ya katundu wokhala ndi dzina la gululo, monga zidole, malaya ndi mawigi. Ufulu wogulitsa zimenezi ku America unaperekedwa kwa kampani yotchedwa Seltaeb, lomwe ndi dzina la Beatles lolembedwa chobwerera, pa mgwirizano wakuti kampaniyo idzitenga 90 pa 100 iliyonse, eni dzina n'kutsala ndi 10. Ndinaika buku pansi n'kukumbukira ukwati wina umene tinayimba tsiku lonse, amene anatipezera ntchitoyo n'kulandira envelopu, ife n'kutipatsa ya minibasi ndi mbale ya mpunga. Kusiyana kwake ndi maziro okha.

Tsono vuto la bukuli limayamba pang'onopang'ono, ngati chingwe cha gitala chimene chikusuntha koma sunadziwe kuti ndi chiti. Norman sanama poyera. Sabisa kuti John anali ndi pakamwa poluma, kuti ankanyoza olumala, kuti ankamuchititsa manyazi Epstein pagulu, kuti mkazi wake woyamba Cynthia ndi mwana wawo Julian sanawasamale. Zonsezo zilimo. Koma taonani mmene amaziyalira. John akachita nkhanza, tsamba lomwelo limakukumbutsa za mayi ake, kuti umumvere chisoni, ndipo nkhanzazo zimasanduka umboni wakuti anali munthu wosadziwa chinyengo. Paul akachita zaulemu, akamwetulira atolankhani, akapepesa m'malo mwa anzake, mlembi amalowetsa kaliwu kamodzi kokuuza kuti zonsezo ndi machenjera. Wina akatukwana ndiye kuti ndi woona mtima, wina akapereka moni ndiye kuti pali chimene akufuna. Ukawerenga masamba 200 a zoterezi umapezeka wayamba kudana ndi munthu popanda mlandu umene ungautchule. Ndipo Paul nayenso mayi ake, Mary, amene anali namwino, anamwalira ndi khansa mu 1956 iye ali ndi zaka 14. Imfa imeneyo ilimo m'bukuli, koma sigwira ntchito yomukhululukira ngati mmene ya Julia imagwirira kwa John.

Ine sindidana ndi mlembi wokhala ndi maganizo ake. Mbiri yopanda mbali imakhala ngati ndiwo zopanda mchere, ndipo ndawerengapo ina yongondandalika masiku ndi mayina imene inandigonetsa patsamba lachitatu. Munthu anene kuti "ine ndimakonda John, ndipo zifukwa zanga ndi izi", tikangane bwinobwino. Chimene chikundiwawa n'chakuti pachikuto cha bukuli analemba kuti iyi ndi nkhani yoona ya The Beatles, pamene palibe ndi mmodzi yemwe mwa anayiwo amene anakhala naye pansi kumufotokozera za bukuli, ndipo chigamulo chake anachibisa m'timawu tofotokozera m'malo mochiika pabwalo.

Pali chinthu chimene aliyense wa m'bandi amachidziwa koma Norman sanachione. M'gulu lililonse mumakhala munthu mmodzi amene amaimba foni kuti "amangwetu, pulakatisi ndi Lachitatu 5 koloko". Ndi amene amakumbukira kuti chingwe cha sipika chinaduka, amene amanena kuti tibwerezenso kolasi chifukwa sinakhale bwino. Munthu ameneyo sakondedwa. Anzake amamutcha bwana, amamudya miseche akatuluka, koma tsiku limene wadwala bandi siyikumana. Epstein atamwalira pa 27 August 1967 ali ndi zaka 32, ntchito imeneyo inagwera Paul. John panthawiyo maganizo ake anali atayamba kuchoka pa gululo, kenako analowa m'mankhwala oopsa, George mtima unali ku India. Norman amaona Paul akukankha anzake kuti alowe mu situdiyo, n'kunena kuti ndi kudzikonda. Mwina kunalipo kudzikonda, sindikana, ndipo ndikuvomera kuti kuuza George mmene ayimbire gitala yake kunali kupyola malire. Koma popanda wovutitsa ameneyo sindikhulupirira kuti chimbale cha Abbey Road chikanakhalapo.

Nkhani ya Allen Klein ndiye imaonetsa bwino. Kampani yawo ya Apple, imene anaitsegula mu 1968, itayamba kutha ndalama ngati madzi m'dengu, John, George ndi Ringo anasankha Klein, wamalonda wa ku New York, kuti aziyendetsa chuma chawo. Paul anakana, ankafuna Lee Eastman, bambo a mkazi wake Linda, ndipo mu December 1970 anakasuma kukhoti kuti mgwirizano wa anayiwo uthe. Kufuna apongozi ako kuti asunge chikwama cha gulu n'kulakwa ndithu, palibe mnzako angavomere zimenezo. Koma pa za Klein, Paul ananena zoona. Pofika 1973 atatu aja anali atasiyana naye n'kuyamba kukokana naye m'makhoti, ndipo mu 1979 Klein anaweruzidwa kukakhala kundende miyezi iwiri pa mlandu wa msonkho. Zonsezi zinali zitachitika kale Norman akulemba. Mutu wa Apple ndi wokoma, wodzaza ndi anthu odyera pamenepo, mowa wa ofesi ndi katundu wosowa usiku, koma ukaumaliza sutsala ndi chithunzi cha munthu mmodzi amene anakana kusaina pepala loipa.

Chachiwiri chimene chinandikhumudwitsa n'chakuti m'buku la oyimba, nyimbo zimamveka pang'ono. Norman amakuuza zimene anavala, hotelo imene anagona, atsikana amene anakomoka, kuti anthu pafupifupi 73 miliyoni anawaonera pa pulogalamu ya pa TV ya Ed Sullivan ku America pa 9 February 1964, ndi mmene anathawira ku Manila mu 1966 atakhumudwitsa Imelda Marcos, mkazi wa pulezidenti wa dziko la Philippines panthawiyo. Koma akafika mu situdiyo amayenda mothamanga ngati akudutsa pamanda usiku. Akanakhala pansi n'kumvetsera, nkhani yake ya John wolimba ndi Paul wofewa ikanagwa yokha. Gitala yolusa ija ya mu Taxman, nyimbo ya George, anayimba ndi Paul. Helter Skelter, nyimbo yaphokoso kwambiri mwa zonse zimene anajambula, ndi ya Paul. Timatepi tozungulira timene timapanga phokoso lachilendo mu Tomorrow Never Knows, nyimbo ya John, ambiri anabwera nato ndi Paul kuchokera kunyumba kwake. Ndipo Good Night, kanyimbo kogonetsera mwana kodzaza ndi mavayolini, anapeka ndi John. Mu April 1969, pamene bukuli limakupangitsa kuganiza kuti awiriwa sankaonana ndi diso labwino, analowa mu situdiyo awiriwiri n'kujambula The Ballad of John and Yoko, Paul akuyimba ng'oma ndi besi, John magitala. Anthu odana sachita zimenezo.

George ndi Ringo ndiye anangowapatsa mpando wa kumbuyo. George amaoneka ngati mnyamata wokwinya nkhope wongodandaula, pamene ndi amene anapeka Something ndi Here Comes the Sun, ndipo gululo litangotha anatulutsa chimbale cha mbale zitatu mu 1970 chifukwa cha nyimbo zimene zinkangounjikana anzake osazipatsa malo. Ringo amaoneka ngati wamwayi amene anatola chikwama pamsewu atalowa m'malo mwa woyimba ng'oma Pete Best mu August 1962. Funsani woyimba besi aliyense kuti woyimba ng'oma wosathamanga, wosachedwa, wosadzionetsera amapezeka kangati. Ine m'zaka zonsezi ndakumana ndi awiri.

Pali malo amodzi pamene ndinagwirizana kwathunthu ndi bolopeni ya mnzanga uja. Pa imfa ya Epstein, ofufuza anagamula kuti inali ngozi, anamwa mapilisi ogonetsa opitirira muyeso. Norman amabweretsa mphekesera yakuti mwina anaphedwa ndi anthu a ku America amene anataya ndalama pa nkhani ya Seltaeb. Umboni wogwirika palibe, ndi zongomva. Nkhani yotere imakoma pa bawo, koma ukaiika m'buku lotchedwa loona, wowerenga amayamba kukayikira ndi zina zimene unanena zoona.

Chochititsa chidwi n'chakuti mlembiyu anadzabwerera m'mbuyo yekha. Paul ankalitchula bukuli ndi dzina lachipongwe, atasintha zilembo za mutu wake kuti likhale liwu lachingerezi la zonyansa za kuchimbudzi. Koma mu 2016 Norman yemweyo anatulutsa mbiri yaikulu ya Paul McCartney, Paul atalola kuti achibale ndi anzake alankhule naye, ndipo m'menemo anavomera kuti sanamuchitire chilungamo. George atamwalira mu 2001 Norman analemba nkhani yomunyoza m'nyuzipepala, ndipo mu 2023 anatulutsa buku la George momwe anapepesa za nkhaniyo. Ndimamulemekeza pa zimenezo, si ambiri amatha kubweza mawu atakalamba. Koma amene agula Shout! pakhonde ku Limbe sagula kupepesako, amagula chigamulo cha 1981.

Ndinachita mwayi kuti mwana wa mchemwali wanga anandionetsa filimu ya Get Back ya Peter Jackson, imene inatuluka mu November 2021, ya maola pafupifupi 8, yochokera pa zimene anajambula mu January 1969. Mkangano ulimo, George amanyamuka n'kusiya gulu kwa masiku angapo, Paul amatopetsadi nthawi zina. Koma muli malo pamene John wachedwa kubwera, Paul wakhala pampando akukwapula besi yake ngati gitala wamba, akung'ung'udza zopanda mawu, George akuyasamula, ndipo mkati mwa mphindi zochepa nyimbo ya Get Back ikubadwa iwe ukuona. Ringo amayamba kuwomba m'manja motsatira. Ndinabwereza malo amenewo kasanu, kenako ndinatsegula bukuli kufunafuna munthu ameneyo, osamupeza.

Ndiye mugule kapena ayi? Pa K4,000, gulani. Ngakhale pa K10,000 ndikanagula chifukwa cha Hamburg ndi Epstein. Chingerezi chake ndi cha ku Britain chenicheni, cha ziganizo zazitali ndi nthabwala zobisika, moti amene anazolowera Chingerezi cha m'kalasi adzafuna dikishonale pafupi, koma nkhani imakoka yokha. Amene akufuna zoona zofufuzidwa mpaka pansi afunefune Tune In ya Mark Lewisohn, ya mu 2013, ngakhale ndi yolemera ngati njerwa ndipo imathera mu 1962 gululo lisanatchuke n'komwe. Lewisohn yemweyo ali mnyamata anathandiza Norman kufufuza za Shout!, ndiye wophunzira anadzapitirira mphunzitsi. Koma amene sanamvepo nyimbo za anyamatawa asayambire pa bukuli. Ayambe wamvera zimbale za Revolver ndi Abbey Road, makutu ake agamule kaye.

Langali ndinabwereketsa woyimba patsogolo wa bandi yathu, amene amafika pa pulakatisi mochedwa ndi ola lathunthu n'kuyamba kufunsa chifukwa chake sitinalumikize maikolofoni yake. Analibweza patatha milungu iwiri, chikuto chitathothoka, n'kundiuza kuti ndi buku labwino kwambiri limene anawerengapo, ndipo Paul uja akumukumbutsa munthu wina wake.